Nambala Yosasuntha

Makatani onse a m'nyumba ndinali nditawamasula, ndipo a pabalaza anali kale m'bafa la chitsulo kuseri kwa khitchini, madzi ake atada ngati tiyi wopanda mkaka. Loweruka ndi tsiku lokhalo limene manja anga amagwira china chosakhala kompyuta. Ndinali nditawerama, thovu likulekeza m'zigongono, pamene geti linalira.

Anali mlongo wanga, chitsiriza wa kwathu. Loweruka masana iye amakhala ali kuntchito. Ovolosi anali atavala ndithu, koma m'manja ananyamula thumba la pulasitiki, ndipo m'thumbamo ndinaona nsapato za ntchito, chaja cha foni ndi kapu yake ya tiyi. Munthu akabwerako kuntchito ndi kapu yomwe, sufunsanso kuti kwagwanji.

"Andichotsa, achemwali."

Ndinapukutira manja pasiketi. "Unamwa?"

Mawuwo anatuluka ndisanawayeze. Iye anayang'ana m'bafamo, kenako anayang'ana ine.

"Ayi."

Musandiweruze msanga. Mlongo wangayu anamwapo mowa zaka zambiri, ndipo amene ankamutola m'ngalande, kumusambitsa ndi kukapepesa kwa mabwana ake ndinali ine. Anasiya, n'zoona, ndipo papita nthawi. Koma khutu limene linazolowera nkhani zoipa silichedwa kutseguka.

Ntchito anamuchotsayo ndinamupezera ndine. Ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta, osati zokongola za pafoni zimene achinyamata amanyadira, koma zachikale, za pakompyuta ya patebulo, zogwira ntchito m'masitolo ndi m'mafakitale. Kasitomala wanga wamkulu ndi bambo wina woswetsa anapiye. Antchito ake amamutcha a Chipewa, chifukwa palibe anaonapo pamutu pawo. Ali ndi chinyumba chachitali chodzaza makina ofungatira mazira, ndipo pafupi ndi khomo pali kompyuta yoonetsa kutentha kwa m'makina alionse. Mukazizira kapena mukatentha mopitirira, nambala imafiira, belu n'kulira. Pulogalamu imeneyo ndinalemba ine, mwana wanga wamkazi akadali kupulayimale. Ntchito ya mlongo wanga inali kuyang'anira sikiriniyo ndi kuthamanga nambala ikafiira.

Ndinamugudubuzira chidebe, iye n'kuchivundikira, n'kukhalapo.

"Kamba."

"Mazira onse a m'makina atsopano aja afa. Lero timati tiwasamutsire m'matileyi oswera. Titatsegula, m'kati muli zii, ngati m'firiji. Chotenthetsera chinapsa, sitikudziwa kuti liti. Tinaswa angapo. Anapiye anali atapangika kale, achemwali, timilomo ndi timapiko tomwe."

"Belu silinalire?"

"Silinalire. Ndawauza abwana kuti sikirini imaonetsa bwino. Iwo azimitsa kompyuta ija n'kuyatsanso pamaso pa anthu onse, ndiye yatulukira nambala yozizira, yofiira psuu. Akuti, ukuona? Makina sanama, wonama ndi munthu. Kenako andinunkhiza m'kamwa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Anunkhiza ngati galu wa apolisi. Sanapeze kanthu, ndiye akuti ndatafuna chingamu."

"Iwe umayang'anadi?"

"Ndimayang'ana. Makina amenewo ndiye sanandivutitsepo n'komwe. Enawa nambala zawo zimangovinavina, koma atsopanowa ayi. Chiwaikireni, 37.6 m'mawa, 37.6 masana. Sinasunthepo ndi pang'ono pomwe. Ndinkawayamikira kumene, ndimati awa ndiye makina."

Iye ankanena zimenezi podziteteza. Koma ine ndinamvamo vuto. Kutentha kwa m'makina sikuima malo amodzi. Fani ikazungulira, matileyi akapendekeka, wina akatsegula chitseko cha chinyumbacho, nambala imakwera kapena kutsika pang'ono. Nambala imene sisuntha si yamoyo.

Ndipo mbali ya makina atsopanowo sindinalembe ine.

"Khala pompo," ndinatero. "Ndikubwera."

"Kunyumba sindinapite. Mlamu wanu ndikamuuza chiyani?"

"Ndati khala pompo."

Mwana wanga anali m'chipinda mwake, miyendo pakhoma, zomvera nyimbo m'makutu. Anamaliza sukulu ya zamakompyuta chaka chatha, ndipo poti ntchito sizikupezeka, amagwira ndi ine. Mutu ali nawo, kuposa wanga. Chimene alibe ndi kudikira. Amalume akewo amamutcha a Injiniya kuyambira tsiku limene anaphwasula wailesi yawo ali kamwana.

Ndinamusolola chomvera chimodzi. "Bweretsa laputopu patebulo."

"Amayi, lero ndi Loweruka."

"Ndikudziwa masiku. Bweretsa."

Tinakhala patebulo lodyera. Poti mawindo analibe makatani, amalume ake ankaoneka bwinobwino panja, ali pachidebe, thumba lili pakati pa mapazi.

"Amalume abwera? Bwanji sakulowa?"

"Tsegula zimene unalemba za makina atsopano."

Makinawo a Chipewa anagula ogwiritsidwa kale ntchito, kasikirini kake ka pachitseko katafa. N'chifukwa chake ankadalira kompyuta yathu yokha. Anali a kampani ina, olankhula mosiyana ndi akale aja, choncho panafunika kulemba mbali yatsopano yowawerenga. Sabata imeneyo ine ndinali nditapanikizika ndi ntchito ya kusitolo ina, ndiye ndinamupatsa iye. Anapita yekha kukaika, n'kubwerako akumwetulira, akuti zatheka.

Ndifotokoze pang'ono, kuti amene sagwira ntchitoyi asasochere. M'kati mwa pulogalamu yotere muli antchito awiri ogwira nthawi imodzi. Ife timawatcha ulusi, koma tingoti antchito. Wina ndi mwini sikirini. Iye yekha ndi amene amaloledwa kulemba nambala, kuifiiritsa, kusuntha chilichonse chimene maso akuona. Winayo amakhala kuseri, ntchito yake kufunsa makina kuti mwatentha bwanji. Wakuseriyu akapeza yankho saloledwa kukalemba yekha. Amapereka kwa mwini sikirini, n'kunena kuti, mukapeza mpata mulembe ichi. Akangoyerekeza kutambasula dzanja lake kuti alembe yekha, kompyuta imamukaniza, n'kutulutsa kabokosi kodandaula kuti wagwira chinthu cha mwini wake. Kabokosiko n'konyansa, koma ndi bwenzi. Aliyense wolemba mapulogalamu otere anakumanapo nako.

Sindinafufuze nthawi yaitali. Wakuseri uja ankawerenga kutentha bwinobwino, kenako n'kukalemba yekha pasikirini. Mzere wofiiritsa nambala ndi woliza belu unali m'munsi mwa pamenepo. Ndipo zonsezi mwana wanga anazikulunga m'kamsampha kamene timatchera kuti vuto likachitika ligweremo, ife tidziwe. Kamsamphako kanalipo, koma m'kati mwake munalibe kanthu. Mabulaketi awiri oyang'anizana, pakati pake mbee.

Ndiye kuti nthawi iliyonse wakuseriyo akatambasula dzanja, kompyuta inkamukaniza, dandaulo n'kugwera m'dzenje lopanda mawu, iye n'kubwerera kukayambiranso, osafika pa belu. Nambala yokhayo imene inkafika pasikirini inali yoyamba ija, imene mwini sikirini amalemba yekha pulogalamu ikamatseguka. Tsiku loika makina munali motentha bwino. Nambala ya tsiku limenelo ndi imene mlongo wanga wakhala akuiyamikira.

Ndinaloza ndi chala chonyowa, mpaka kadontho kanatsalira pagalasi. "Ichi n'chiyani?"

Anayang'ana pamene ndinalozapo.

"Kanali kabokosi kaja, amayi. Kamangotuluka. Ndikakatseka, katulukanso. A Chipewa anaima kumbuyo kwanga, akupumira m'khosi mwangamu, akuti chotsani chinthu chimenecho, kodi mayi anu anakuphunzitsani zomwezi? Ndiye ndinakachotsa. Nambala inkaoneka, yolondola. Ndimati ndibwereranso ndikakonze bwino."

"Unakawerenga kabokosiko?"

"Ndinakawerenga."

"Kankati chiyani?"

Anagwetsa maso pa kiyibodi. Ine ndinapitiriza.

"Mazira onse a m'makinamo afa. Amalume ako awachotsa ntchito. Awanunkhiza m'kamwa pamaso pa anzawo."

Anatembenukira kuwindo. Amalume ake anamuona, n'kukweza dzanja, n'kumuchitira sailuti ngati mmene amachitira masiku onse. Iye anabweza maso msanga.

"Bwanji sunandifunse?"

"Kukufunsani inu? Munthu akakufunsani kanthu mumayamba mwapuma kaye mokweza, ngati wakupemphani impso."

"Ndiye poopa kupuma kwanga, anapiye afe?"

Analira pang'ono, mosatulutsa mawu. Ine ndinadikira. Misozi sinakonzepo pulogalamu. Atapukuta m'maso anakokera laputopu kwa iye, n'kuyamba kulemba. Sanafunse kanthu. Anachotsa mzere wolemba pasikirini uja, n'kuupereka kwa mwini sikirini monga mmene zimayenera kukhalira, ndipo belu analikweza pamwamba kuti lizilira kaya sikirini yalembedwa kaya ayi. M'kamsampha muja anaikamo mawu. Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi asanawire. Zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri.

"Uwonjezere," ndinatero. "Nambala ikakhala nthawi osasintha, izisanduka yotuwa, belu lilire."

Anawonjezera. Kenako analankhula maso ali pa kiyibodi.

"Tikhoza kungopita Lolemba, n'kunena kuti tabwera ndi zatsopano. Timachita kawirikawiri. Palibe angadziwe."

"Nanga amalume ako?"

"Tiwapezera ina. Inu mumadziwana ndi anthu. Kapena tinene kuti waya wa sensa yoyezera kutentha unali wolumikizika molakwika. Zimachitika, amayi. A Chipewa akadziwa kuti ndi ife, atithamangitsa, ndipo auza anzawo onse. Ine ndani adzandilembenso? Inuyo mudzadya chiyani?"

Ndisaname, zimene ananenazo zinali zitadutsa kale m'mutu mwanga iye asanatsegule pakamwa. Nyumbayi imayenda ndi anapiye a bambo amenewo. Makasitomala enawo ndi a apo ndi apo. Ndipo ndani safuna kuphimba mwana wake? Ndinayang'ana panja. Mlongo wanga anali atadzuka pachidebe, wapinda manja a ovolosi, akufikisa katani yanga m'bafa. Sangakhale chabe, ndi mmene alili chisiyireni mowa. Manja akangokhala opanda chochita amachita mantha.

"Vala nsapato," ndinatero.

M'galimoto mlongo wanga anakhala kutsogolo, thumba lake pamiyendo. Ndinangomuuza kuti tikukaona kompyuta ija. Tinadutsa pamsika, pamalo okwerera basi, n'kulowa msewu wa kumafakitale umene Loweruka masana umakhala wopanda anthu. Iye ankayesa kuseketsa mwana wa mlongo wake.

"A Injiniya, lero mwakhala chete bwanji? Netiweki yathawa?"

Anayesanso.

"Kapena akulu aja a njinga yamoto akusiyani? Ndinakuuzani ine, mwamuna wovala magalasi akuda m'nyumba ngosadalirika."

"Amalume."

"Ee, bwana."

"Ndine. Nambala ija sinkasuntha chifukwa cha ine. Ndinalakwitsa polemba, ndiye ndinabisa uthenga wake. Inu munkaona zimene zinalipo."

Mlongo wanga anatembenuka n'kumuyang'ana. Kenako anatulutsa mpweya wautali.

"Ndiye kuti maso angawa ali bwino."

"Ali bwino."

"Mukudziwa, ndili pachidebe paja ndinayamba kudzifunsa. Ndimati kapena inafiiradi ine osaona. Kapena mutuwu unawonongeka kalekale, ukungoonekera lero." Anasisita thumba lija ngati mphaka. "Imani kaye, achemwali."

Ndinaima pambali pa mpanda wa fakitale ina ya matumba, injini ikulira.

"Tibwerere," anatero. "Ine dzina langa linada kale. Kuwonjezerapo dontho limodzi palibe angaone. Mwanayu akungoyamba kumene. Inunso mukataya a Chipewa, ndiye kuti tonse tagwa, amene anditole ndani? Konzani mwakachetechete. Ine ndikapeza ya ulonda."

Kumbuyo kunamveka kufwenthera. Ndinayang'ana pakalilole, ndinaona mwana wanga akundiyang'ana, maso ake akupempha. Onse awiri anali atagwirizana, ndipo chimene ankapempha chinali chopepuka. Kungotembenuza galimoto basi.

Koma ine mlongo wangayu ndimamudziwa. Akanapita kunyumba, mkazi wake akanamufunsa funso lomwe ndinamufunsa ine. Ana ake akanamuyang'ana m'maso kuti aone ngati afiira. Lolemba akanadzuka wopanda kopita, manja ali lende, ndipo kuchokera pakhomo pake kukafika kumsewu pali mabala a mowa angapo.

"Ukasenza mlanduwu," ndinatero, "sabata isanathe ndikakutola m'ngalande. Ndakalamba ine, msana sukundilolanso."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinaponda mafuta.

Fungo linatilandira tisanatsike. Kuseri kwa chinyumbacho amuna awiri ankakhuthulira matileyi m'migolo, atamanga nsanza kumphuno. Ataona mlongo wanga anasiya kulankhula. M'kati munali motentha ndi mwaphokoso monga masiku onse, mafani akulira, anapiye a m'makina ena akulira m'makatoni. A Chipewa anali pakompyuta paja, foni kukhutu, akukalipira munthu amene anawagulitsa makinawo. Atationa anadula.

"Mayi, ngati mwabwera kudzamupepesera, musatope. Ndinamulemba chifukwa cha inu. Anthu anandichenjeza."

"Sindinabwere kudzapepesa za iye. Tipatseni madzi ofunda m'kapu."

"Madzi?"

Mlongo wanga anatulutsa kapu yake m'thumba muja, n'kupita kumpopi wa madzi otentha. Atabwera ndinauza mwana wanga kuti apitirize. Ndikanatha kuchita ndekha, ndipo zikanafulumira. Koma ndinapinda manja n'kutsamira khoma.

Anatsegula makina opanda kanthu aja, n'kumasula sensa, kachitsulo konga chala kokhala ndi waya kumapeto. Pasikirini panali nambala yozizira ija, yofiira. Anaviika sensayo m'kapu.

"Yang'anani nambalayo, bwana."

Tonse tinayang'ana. Nthunzi inkatuluka m'kapu. Nambala za makina ena zinkakwera ndi kutsika, koma iyo inangoti njo. Amuna a kumigolo aja anali atafika pakhomo, nsanza zili m'khosi.

"Yafa sensayo," anatero a Chipewa.

"Ayi, bwana. Onani." Anatseka pulogalamu n'kuitsegulanso. Nambala inalumpha, yotentha ngati madziwo. Anavuula sensa, n'kuipukuta, n'kuikupiza mumphepo mpaka itazizira. Nambala inakhalabe pomwepo. "Imangotenga ya nthawi imene mwaitsegula, n'kuima. Belunso silingalire. Chiikireni makinawa zakhala choncho. Amalume ankaona nambala yabwino chifukwa ndi imene inalipo. Inu mutazimitsa n'kuyatsanso, m'pamene inatenga yozizira."

"Chifukwa chiyani?"

"Kabokosi kaja kankatuluka tsiku loika. Kankanena kuti nambala sikufika pasikirini. Ine m'malo mokonza ndinangokatseka pakamwa."

A Chipewa anakankhira chipewa chawo kumbuyo pang'ono, kenako anachibweza.

"Munandiuza kuti ndikachotse," anawonjezera mwana wanga motsitsa mawu.

Ndinatseka maso. Zimenezo akanazisiya.

"Ndinakuuza? Iwe mtsikana, ndikapita ndi mwana kuchipatala n'kunena kuti adokotala, mwanayu asiye kulira, dokotala amamuika nsanza m'kamwa?" Anatembenukira kwa ine. "Ndinkalipira inu, mayi. Sindinkalipira ophunzira. Munanditumizira mwana, inu osabwera n'komwe kudzaona."

"Ntchitoyo ndi ya ofesi yanga," ndinatero. "Zokambirana mukambirane ndi ine. Takonza kale, tingoika. Koma munthu uyu sanalakwe, ndipo mwamuchotsa pamaso pa anzake."

Anayenda mpaka kumapeto kwa chinyumbacho n'kubwerera. Anaima pamakina otseguka aja, akuyang'ana mashelefu opanda kanthu. Ndinawamvera chisoni pang'ono. Anapiye amenewo anali atalonjeza kale anthu.

"Ikani zimene mwakonzazo," anatero. "Ndione ndi maso anga."

Mwana wanga anaika. Anaviika sensa, nambala inakwera. Anavuula, inayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka inafiira, ndipo belu linalira mokweza moti anapiye a m'makatoni anakhala chete kaye. Palibe anasangalala. Belu limenelo likanalira masiku apitawo.

A Chipewa analizimitsa okha.

"Iwe," anatero osayang'ana mlongo wanga, "Lolemba ubwere. Ukachape matileyi onsewa, akununkha." Anatenga kapu ija patebulo, n'kutaya madzi pakhomo, n'kumupatsa. Kupepesa kwawo kunali komweko. "Inu mayi, mwezi uno ukatha ndipeza munthu wina. Za mazirawa mumva kwa loya wanga. Mtsikanayu asadzapondenso pano."

"Ndamva," ndinatero.

Panalibe chotsutsa. Ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo.

Pobwerera munalibe nthabwala. Mwana wanga anatsamira windo, nkhope atabisa m'dzanja. Mlongo wanga anayang'ana kutsogolo njira yonse, thumba lija lili pamiyendo, kapu yonyowa ili m'manja. Titafika pamphambano ya kwawo anati nditsike pano.

"Tiye kunyumba ukadye kaye. Undithandizenso kufinya makatani aja, ngolemera."

"Ayi, ndikafike. Mlamu wanu amve kwa ine asanamve kwa ena."

Anatsika, n'kuzungulira mpaka pawindo la kumbuyo, n'kugogoda ndi chala. Mwana wanga anatsitsa galasi.

"A Injiniya, mutu m'mwamba. Wailesi yanga ija munaiphanso, koma ndinakukhululukirani."

Iye anayesa kuseka, koma zinakanika. Kenako mlongo wanga anabwera pawindo langa. Anawerama, n'kulankhula motsitsa kuti mwanayo asamve.

"Zikomo, achemwali. Mwataya zambiri chifukwa cha ine, ndaona."

"Ndi zoona zake basi."

"Ee. Koma a Chipewa aja kundinunkhiza sizinandipweteke kwenikweni. Iwo ndi bwana, sandidziwa." Anayang'ana kapu ija. "Inu mwandinunkhiza kawiri lero. Pageti, ndi pamsewu paja."

Ndinatsegula pakamwa, koma iye anali atawongoka kale. Anawoloka msewu, n'kulowa kanjira ka kwawo. Ndinakhala ndikumuyang'ana mpaka atadutsa bala yoyamba. Sanacheuke, sanachepetse liwiro. Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala, ine n'kunyamuka ndisanaone ngati anadutsanso yachiwiri.

Kunyumba mwana wanga analowa m'chipinda mwake n'kukhoma. Ndinaima pachitsekopo, ndinakweza dzanja kuti ndigogode, koma ndinalibe mawu oti ndikanene akatsegula. Oti wachita bwino? Anachita bwino masana, atachita zoipa kale. Oti zitha? Sindikudziwa ngati zitha. Ndinatsitsa dzanja.

Laputopu inali patebulo pomwe tinaisiya, poti kwa a Chipewa tinanyamula ina ya kuntchito, kadontho ka chala changa katauma pagalasi. Mawindo onse anali pululu, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankaanula zovala zake, anandiona ndili chiimire pakati pa balaza. Anandikwezera dzanja. Ndinakweza langa, n'kutuluka kuseri.

Madzi a m'bafa anali atazizira, thovu litatheratu. Katani imene mlongo wanga anafikisa inali pambali, yoyera kuposa inzake, koma yosatsukuluza. Ndinakhuthula madziwo, n'kutunga ena. Katani yonyowa safinya munthu mmodzi, pamafunika wina agwire mbali inayo. Ndinayang'ana windo la chipinda cha mwana wanga. Anali atakolekapo bulangete.

Ndinamangirira nsonga imodzi kumpopi, n'kugwira inayo, n'kuyamba kupotokola ndikubwerera m'mbuyo. Madzi akuda anayenderera pasimenti mpaka kumapazi anga. Makatani a kuchipinda ndi a kukhitchini anali akadali mulu pakhonde, ouma, ndi fumbi lawo lomwe. Dzuwa linali litachoka kale pachingwe.